Hotelo yapafupi ndi malo a zisudzo ku London

Achimwene, mwafunsa za hotelo yaing'ono koma yapamwamba yoti mukagone ndi alamu mukapita kukaonera zisudzo ku West End, dera la nyumba za zisudzo ku London, ine ndinganene Covent Garden Hotel pa Monmouth Street, ku Seven Dials. Ili ndi zipinda 58 basi, ndiye sili ngati mahotelo akuluakulu aja oti munthu umasochera m'makolido, chipinda chilichonse anachikongoletsa mwakemwake, ntchito ya Kit Kemp, katswiri wokongoletsa nyumba wa Firmdale Hotels, kampani ya eni hoteloyi, nsalu zamitundu yowala, kumutu kwa bedi kutalikutali kokutidwa ndi nsalu, ukangolowa mtima umakhala m'malo. Nyumbayo kale inali chipatala cha Afalansa.

Chimene ndimaikondera kwambiri nchoti simufunika takisi ayi. Cambridge Theatre ili pompo pa mphambano ya Seven Dials, St Martin's Theatre nayo mphindi zochepa wapansi, ndi komwe amasewera The Mousetrap, sewero lomwe linayamba mu 1952. Masewero ambiri amayamba cha m'ma 7:30 madzulo ndiye idyeranitu msanga ku Brasserie Max m'hotelo momwemo, musati mudya mukatuluka chifukwa nthawi imeneyo anthu amakhala thithithi paliponse.

Mtengo wokha ndiye konzekani, ndi wowawa ndithu makamaka kumapeto kwa sabata komanso mu Disembala, bukanitu msanga. Kuchokera ku bwalo la ndege la Heathrow kwerani sitima yapansi panthaka ya Piccadilly line, imafika molunjika, koma mukatsika pa siteshoni ya Covent Garden dikirani lifti ngakhale mzere utalike bwanji, masitepe ake ndi 193 ozungulira, ndi masutikesi alamu angavutike kwambiri.