Ndabena vidiyo ya ukwati koma deki ya amayi ikukana

FUNSO: Akulu muli bwa? Ndithandizeni apa mutu waima. Ndili ndi mavidiyo akale a chinkhoswe ndi ukwati wa achemwali anga, wojambula anatipatsa pa fulashi, mafayilo ake akuthera ndi .avi ena .wmv, palinso tina ting'onoting'ono ta .3gp timene ndinkajambula ndekha pa Nokia. Amayi kumudzi ali ndi deki ndi TV basi, ndiye ndinagula madisiki opanda kanthu ndikukokeramo mafayilo onse ndikubena, pa laputopu zikuoneka bwinobwino koma kufika nazo kumudzi deki ikungolemba disc error. Madisiki atatu apita kale. Ndikulakwitsa pati?
Owerenga wa ku Balaka

YANKHO: Achimwene pepani ndi madisiki atatuwo, koma deki ya amayi ilibe mlandu. Chimene mwabena inuyo ndi data disc, kapena tinene kuti mwangopanga fulashi yozungulira. Kompyuta imawerenga chilichonse mungaipatse, pomwe deki, makamaka zakalezi, imafuna chinthu chimodzi chotchedwa DVD-Video, ikapanda kuchipeza imangokuyang'anani.

Tengani DVD iliyonse ya kwaya imene imasewera kumudziko muitsegule pa laputopu. Mupezamo foda yolembedwa VIDEO_TS, mkati mwake muli mafayilo othera ndi .VOB, .IFO ndi .BUP. Ma VOB ndiye vidiyoyo ndi mawu ake, yodulidwa zidutswa zosapitirira 1GB, ma IFO ndi amene amauza deki kuti yambira apa, menyu ili apa, ndipo ma BUP ndi kope chabe la IFO kuchitira kuti disiki ikakalika. Vidiyo ya mkatimo imakhala ya mtundu wotchedwa MPEG-2, osati mitundu ya Xvid kapena DivX imene imakonda kukhala mu AVI. Ndiye ntchito ilipo pawiri, kusintha vidiyo ikhale MPEG-2 kenako kuimangira foda ija, ndipo apa mpomwe ambiri amagwera, amasintha fayilo kukhala .mpg pa pologalamu ya Format Factory nkuibena choncho osamanga VIDEO_TS, deki ina imalola koma ina imakanabe. Zoti mungosintha dzina .avi nkulemba .vob musayese nkomwe, galu kumutcha mbuzi sasiya kuuwa.

Ine ndimagwiritsa pologalamu ya DVDStyler, ndi yaulere ndipo imachita zonse ziwiri. DVD Flick nayonso ndi yaulere, kungoti inasiya kukonzedwa mu 2009 ndiye mafayilo a mafoni atsopanowa nthawi zina imabanika nawo, koma akale ngati anuwa imawadya bwino. Ngati laputopu yanu ikadali pa Windows 7 fufuzani Windows DVD Maker, anaichotsa kuyambira pa Windows 8. HandBrake musataye nayo nthawi, ndi yabwino pa zina koma imatulutsa MP4 ndi MKV, DVD siipanga.

Mukatsegula DVDStyler ikufunsani PAL kapena NTSC. Kwathu kuno ndi PAL, chithunzi cha 720x576, mafuremu 25 pa sekondi. NTSC ndi ya ku America ndi Japan, mukasankha imeneyo ma TV ena akale a chimsana aja amaonetsa zopanda mtundu kapena chithunzi kumangothamanga. Ikufunsaninso 4:3 kapena 16:9, mavidiyo akale ambiri ndi 4:3, mukaikakamiza 16:9 akwati onse aoneka onenepa ngati adya okha phwando lonse.

Za kukula samalani. AVI ya 700MB mukaisandutsa MPEG-2 imatupa mpaka ma GB angapo, ndiye musawerengere ma MB, werengerani nthawi. Disiki wamba yalembedwa 4.7GB (kompyuta imaonetsa 4.38GB, sanakubereni, ndi kawerengedwe chabe) ndipo imanyamula maola awiri akuoneka bwino. Mukapanikiziramo maola anayi pologalamu ivomera koma pa pelekanipelekani pomwe anthu akuvina chithunzi chizingosweka timabokosi. Bola chinkhoswe disiki yake ukwati disiki yake. Ziliko za 8.5GB koma nzodula komanso madeki ena akale amavutika nazo.

Timavidiyo tija ta .3gp ndikuuzeni zoona musadzakhumudwe. Mafoni ambiri a nthawi imeneyo ankajambula 176x144, kuikoka kufika 720x576 ndiye kuti kadontho kalikonse kakutambasulidwa ka 16, nkhope zizioneka ngati mukuyang'ana pa galasi lonyowa. Palibe pologalamu ya DVD imene ingabwezeretse zimene kamera sinajambule. Tiikenibe kumapeto, amayi anthu awo awazindikira ndi mawu komanso kayendedwe.

Pobena musathamange. Uzani pologalamu ipange kaye fayilo ya ISO, yomwe ndi disiki yonse mu fayilo imodzi, muitsegule pa pologalamu yoonera mavidiyo ya VLC muone ngati mawu akuyendera limodzi ndi milomo, ma AVI ena akale amakonda kusemphanitsa pamenepa ndipo bola kuzionera pa laputopu kusiyana ndi pamaso pa apongozi. Zikakhala bwino benani ndi pologalamu ya ImgBurn kapena DVDStyler yomweyo pa liwiro la 4x ngakhale disiki italembedwa 16x. Gulani DVD-R, ya kamzere osati ya +, madeki akale amagwirizana nayo kwambiri. Mukapita kwa anyamata obena nyimbo pamsika auzeni mawu awa ndendende, "ndikufuna DVD-Video ya PAL osati data", ndipo muiyese pa deki yawo musanalipire.

Musanapange zonsezi, imbirani wina kumudzi ayang'ane kutsogolo kwa dekiyo. Ngati palembedwa DivX kapena pali polowetsa fulashi, ma AVI aja mwina asewera osasintha chilichonse, bola fulashi ikhale yofomatidwa pa FAT32, otsala ndi ma WMV ndi 3GP okha. Mafayilo oyambirira aja musafufute, madisiki obenawa amakalika komanso dzuwa limawaononga, ndiye ISO ija isungeni pa laputopu ndi kwinanso, adzukulu akadzasandutsa disikiyo choseweretsa mudzangobena ina.