Musanalembetse masters ya crop protection, funsani kaye za munda ndi za supavaiza

Achemwali, pa masters ya crop protection yomwe mwafunsayi, makosi asakuopseni. Entomology, pathology, weed science, biometry, zonsezo mudzakhoza mukamawerenga. Anthu amagwera m'chaka chachiwiri, chifukwa kafukufuku wake amadalira zinthu zamoyo, ndipo mbozi ndi mvula sizidikira siginecha ya munthu. Masters ya zaka 2 imakupatsani nyengo imodzi yokha yodzala, mwina ziwiri ngati malowo ali ndi mthirira. Nyengoyo ikakudutsani ndiye kuti mwawonjezera chaka, pomwe sikolashipi zambiri siziwonjezera ndalama.

Apa ndi pomwe masupavaiza ena amandipsetsa mtima. Munthu watenga ophunzira ambirimbiri, iye ali kumisonkhano mwezi ndi mwezi, proposal yanu ili patebulo pake. Mukaimba sayankha. Akadzaibweza, ndemanga zake ndi za makoma ndi kalembedwe ka mitu, design ya kafukufukuyo sanaiyang'ane n'komwe. Mbewu, feteleza ndi mankhwala sizingagulidwe iye asanasaine. Mapeto ake mumadzala mochedwa, chimanga chanu chimakhala chanthete pomwe cha anzanu oyandikana nanu chakula, agulugufe onse a ntchemberezandonda (fall armyworm) amadzaikira mazira m'munda mwanu, chinyezi chimatha chimanga chisanakhwime, ndipo zokolola sizikuwuzani chilichonse za mankhwala omwe mumayesa. Koma pepala likadzatuluka mu journal, dzina lake limakhalapo mosalephera.

Tsiku loipitsitsa limakhala lotere. Mwayala RCBD yanu (design yomwaza ma treatment mwachisawawa m'buloko iliyonse) bwinobwino, ma treatment 6, mabuloko 4, mapuloti 24. Puloti iliyonse mizere 5 yotalika mamita 5, mukuwerengera mizere 3 yapakati pokha. Mwapopera. Patatha masiku 7 mwabwera m'mamawa ndi fomu yanu kudzapereka mamalikisi pa Davis scale ya 1 mpaka 9, yoyezera momwe masamba adyedwera. Mwayamba ndi untreated control, puloti yomwe simunapopere dala, yomwe imayenera kukhala yong'ambikang'ambika. Mukutsegula mtima wa chimanga, mulibe ndowe zatsopano zija zonga utuchi wonyowa. Masamba atsopano akutuluka osabooka. Pansi pa mtimawo mukupeza mbozi yakufa, yakuda, yofota. Mukupita ku control ya buloko yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu, yachinayi, chimodzimodzi. Kufunsa, akukuwuzani kuti woyang'anira famu anaona ndime zina zikudyedwa, alendo akubwera, ndiye anatuma wantchito kuti apopere munda wonse. Iye akuti anakuthandizani. Popanda control palibe choyerekezera. Mankhwala abwino ndi madzi wamba zimaoneka zofanana, ANOVA (statistics yoyerekeza ma treatment) ikupatsani p yoposa 0.05, kutanthauza kuti kusiyana kwawo sikunatsimikizike, ndipo nyengo yapita. Mukakadandaula kwa supavaiza, yankho lake ndi lakuti ingosanthulani zomwe muli nazozo. Ena amafika pokunong'onezani kuti manambala akhoza kukonzedwa pang'ono. Musayerekeze. External examiner wodziwa ntchito amaona msanga deta yosalala mopitirira muyeso, ndipo amene amachotsedwa ndi inu, supavaiza amatsala pantchito yake.

Choncho munda wanu muulondere nokha. Woyang'anira famu mumupatse kalata yolembedwa, yosainidwa, yonena kuti m'ndimeyi sapopera aliyense koma inu. Wantchito amene azikuthandizani mumufotokozere chifukwa chake mapuloti ena akusiyidwa kuti adyedwe, poti kwa mlimi aliyense kuona chimanga chikudyedwa osachitapo kanthu ndi misala. Pakati pa mapuloti siyani njira ya mamita 1.5 mpaka 2, muzipopera kukakhala bata, ndipo kukakhala kamphepo anthu awiri agwire pepala la pulasitiki m'mbali. Mlingo muziyamba ndi wochepa kupita wochuluka, thanki muzitsuka katatu musanasinthe mankhwala. Ngati mukuyerekeza nimu kapena Metarhizium (nkhungu yopha tizilombo) ndi mankhwala a emamectin benzoate, pezani sipuleya yachiwiri, chifukwa kotsalira kochepa ka emamectin mupaipi kadzapangitsa nimu wanu kuoneka ngati wodabwitsa.

Calibration ndi ina yomwe ambiri amadumpha. Thirani madzi okha mu sipuleya, poperani malo a masikweya mita 100 pa mayendedwe anu anthawi zonse, kenako yezani madzi omwe atha. Akatha malita 2, ndiye kuti mukupopera malita 200 pa hekitala. Puloti ya mizere 5 yotalikirana masentimita 75, yotalika mamita 5, ndi masikweya mita 18.75, ndipo ikufuna mamililita 375 okha. Mankhwala olowa m'madzi ochepa chonchi sayezedwa ndi chitsekerero cha botolo, pamafunika sirinji kapena micropipette. Wopopera akhale yemweyo, nozzle yomweyo, nyengo yonse.

Vuto lina ndi lakuti kachilomboko kakhoza osabwera chaka chimenecho. Mvula yamphamvu yotsatizana imakokolola timbozi tating'ono, control imakhala yoyera popanda wolakwa. N'chifukwa chake musavomere mutu wodalira natural infestation yokha. Pafunika colony yoweta mu labu kuti mudzathe kuthira nokha timbozi tongoswa kumene, tosakaniza ndi zitsononkho zogaya, ndi kachida kaja a CIMMYT (bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu) amakatcha bazooka. Koma kuweta ntchemberezandonda nako ndi ntchito. Mbozi zikafika instar yachitatu (zikafundula kawiri) zimadyana, ndiye mbozi iliyonse imafuna kakapu kake. Kutentha kukhale madigiri 25 mpaka 27, ndipo kuchokera dzira kufika gulugufe pamatenga pafupifupi mwezi. Magetsi akazima kwa nthawi yaitali, kakulidwe kamasokonekera, timbozi timaswa tsiku lomwe chimanga chanu chapitirira kale msinkhu. Mukaona mbozi zikufewa, kulendewera, kenako kuphulika n'kutuluka madzi, ameneyo ndi vairasi ya NPV. Tayani zonse zokhudzidwa, tsukani ziwiya ndi bleach, muyambirenso. Mukachita chisoni, colony yonse itha.

Ku bioassay, mayeso a mankhwala pa mbozi mu labu, yang'anani control mortality. Zofa mu control zikapitirira 20 pa 100, mayeso amenewo ngotaya. Zikakhala pakati pa 5 ndi 20, konzani ndi formula ya Abbott ya 1925. Kuti kawerengedwe ka probit kakupatseni LC50 (mlingo wopha theka la mbozi) yomveka, pafunika milingo yosachepera 5, yomwe ikupha kuyambira zochepa mpaka pafupifupi zonse. Milingo yonse ikapha 100 pa 100 mulibe mzere woti mujambule. Yambani ndi range finding, mayeso ofufuza milingo yoyenera, musathamangire mayeso enieni.

Onetsetsaninso kuti mukuwerenga kachilombo koyenera. Ntchemberezandonda (Spodoptera frugiperda) ili ndi Y wozondoka pamutu ndi madontho 4 akuda opanga sikweya chakumchira, koma ikakhala yaing'ono n'kosavuta kuisokoneza ndi kapuchi. Masampulo opita ku DNA asungeni mu ethanol wa 95 pa 100 kapena kuposa, mufiriza ya madigiri -20. Wa 70 ngwa zongoyang'ana maonekedwe. Ngati adzatumizidwa kunja kwa dziko, ma permit ayambeni msanga, malamulo a Nagoya Protocol, pangano la mayiko lokhudza kugwiritsa ntchito zamoyo za dziko lina, amachedwetsa anthu miyezi.

Za statistics ndinene mwachidule. Kaonaneni ndi biometrician (katswiri wa statistics ya zamoyo) musanadzale, osati mutakolola. Mbewu 20 zomwe mwawerenga m'puloti imodzi si ma replicate 20, ndi puloti imodzi basi. Ndipo chiwerengero cha tizilombo chimadzaza ndi maziro, ANOVA wamba sichimuyenera. Phunzirani negative binomial, njira yoyenera deta yotere, mu pulogalamu ya kompyuta ya R chaka choyamba chomwe.

Musanasaine kalikonse, funsani kuti ophunzira a supavaiza ameneyo angati anamaliza pa nthawi yake, ndipo mufunse ophunzirawo, osati iye. Funsani ngati ndalama zomwe mwapeza zikuphatikiza kafukufuku kapena ndi fizi yokha, poti mafuta a galimoto, antchito, reagent ndi sequencing zimadya kuposa momwe mukuganizira. Chabwino kwambiri ndi kulowa mu pulojekiti yomwe ikuyenda kale, yomwe ili ndi insectary (malo owetera tizilombo) ndi technician. Yang'anani zolengeza za icipe, bungwe lofufuza za tizilombo ku Nairobi, omwe akhala ndi pulogalamu yamaphunziro ya ARPPIS kuyambira 1983, ndi za mabungwe ena monga RUFORUM, IITA, CIMMYT ndi CABI. Co-supervisor wochokera ku bungwe lotere amakupulumutsani pomwe wa ku yunivesite wasowa.

Komabe pitani mukachite, ntchitoyi ikufunika anthu, ndipo ngakhale ndanena zonsezi za munda, musathawire ku labu yokha. Munthu wa crop protection amene sanachitepo scouting (kuyendera munda kufufuza tizilombo ndi matenda), sadziwa kusiyanitsa chiwawu ndi kusowa kwa chakudya m'nthaka, sadziwa chifukwa chake lambda-cyhalothrin wa gulu 3A (mankhwala amaikidwa m'magulu potengera kaphedwe kake) sasinthanitsidwa ndi pyrethroid mnzake koma ndi wa gulu lina monga 5, 6 kapena 28, olemba ntchito amamuzindikira pa intavyu pomwepo. Ndipo supavaiza wanuyo musakangane naye poyera, ngakhale akhale wochedwa chotani. Siginecha ili ndi iye. Muzimutumizira imelo yaulemu ikatha miting'i iliyonse, yonena zomwe mwagwirizana ndi masiku ake, co-supervisor alandireko kope. Mvula ikayamba proposal isanavomerezedwe, dzalani ndithu ngati munda mwapatsidwa, muutche preliminary trial. Akadzasintha design mudzakhala mutataya mbewu yokha, akapanda kusintha mwapulumutsa chaka.

Pa mutu, ntchemberezandonda aliyense wakhala akuithamangira kuyambira pomwe inapezeka mu Africa mu 2016, ndipo kuyesa mankhwala asanu pa chimanga sikulinso kwatsopano. Ngati mukuifunabe, lowani ku resistance (kusamva mankhwala) kapena ku adani ake achilengedwe monga Telenomus remus, kamavu koikira m'mazira ake. Apo ayi ganizirani mbozi ya Tuta absoluta pa tomato, kaufiti, kapena anankafumbwe, makamaka Prostephanus truncatus (larger grain borer). Kafukufuku wa zosunga m'nkhokwe sadikira mvula, mukhoza kumuyamba mwezi uliwonse ndi kumubwereza akalephereka. Chimangacho chiumitseni chifike chinyezi cha 13 pa 100, muchiike kaye mufiriza kwa masabata 2 kuti mazira obisika m'kati afe, apo ayi mabotolo anu adzatulutsa tizilombo tomwe simunaikemo. Zivindikiro zikhale za waya wachitsulo, chifukwa Prostephanus amaboola pulasitiki.