Kuchokera ku Leicester mpaka ku Inverness pa galimoto mu Disembala: yankho kwa dalaivala wachinyamata

Mnyamata wina wa kwathu amene amakhala ku Leicester, ku England, wanditumizira imelo yopempha nzeru. Akuti ali ndi zaka 21, anakhoza mayeso oyendetsa galimoto m'mwezi wa Epulo chaka chino, ndipo akufuna kukadyera Khirisimasi kwa mlongo wake amene amagwira ntchito ku Inverness, kumpoto kwa Scotland. Galimoto yake ndi yaing'ono komanso yakaleko, inshuwalansi yake ndi ija ya black box, kachipangizo kamene kamaonetsa kampani ya inshuwalansi mmene munthu akuyendetsera galimoto, ndipo adzatenga anzake awiri. Maganizo ake ndi onyamuka madzulo a pa 23 Disembala akangoweruka kuntchito, n'kuyenda usiku wonse kuti akafike kukucha. Funso lake ndi lakuti akonzekere bwanji, ndipo anyamule chiyani m'galimoto.

Achimwene, zonyamula ndizitchula, koma zimene zandidetsa nkhawa m'kalata yanu si katundu ayi, ndi nthawi imene mwasankha. Ulendo umenewu mungathe kuuyenda bwinobwino ngakhale kuti chiphaso chanu n'chatsopano, koma osati usiku, osati tsiku limodzi, ndiponso osati mutalonjeza achemwali anu kuti mufika tsiku lakuti zivute zitani. Lonjezo lotero ndi limene limakakamiza munthu kupitiriza ulendo pamene maso akulemera kapena pamene msewu wayamba kuyera ndi chipale chofewa.

Tiyambe ndi msewu weniweniwo. Kuchokera ku Leicester mpaka ku Inverness ndi mtunda wopitirira mamailosi 400. Mukalowa mumsewu waukulu (motorway) wa M6 mumalunjika kumpoto kudutsa Preston, Lancaster ndi Carlisle, kenako pa Gretna mwalowa m'Scotland ndipo msewuwo umasanduka A74(M) ndi M74. Mukayandikira Glasgow mumapatukira ku M73, M80 ndi M9 mpaka kupitirira Stirling, ndiye mumagwira A9 yopita ku Perth ndi ku Inverness. Panjira imeneyi pali zitunda zinayi zimene nyengo imasinthirapo msanga: Shap pa M6 ndi Beattock pa A74(M), zonse zopitirira mamita 300, kenako Drumochter pa A9, pamene msewu umakwera kufika pafupifupi mamita 460, ndi Slochd mukatsala pang'ono kufika ku Inverness. Kunsi kukhoza kukhala kukugwa mvula wamba pamene pamwamba pa zitundazi pakugwa chipale chofewa, ndipo chakuda nkhawa n'chakuti mukanyamuka madzulo ku Leicester, malo onse anayiwa mudzawadutsa mumdima, Drumochter yo mukuifika cha m'mbandakucha, nthawi imene kumazizira koposa ndiponso thupi la munthu limafuna tulo kwambiri.

Gawo lochokera ku Perth kukafika ku Inverness, lomwe ndi mamailosi pafupifupi 110, ndi limene likufuna ulemu waukulu. Msewu wa A9 umasinthasintha: pena uli ndi mbali ziwiri zolekanitsidwa, pena ndi msewu umodzi wokumanizana ndi magalimoto ochokera kutsogolo, ndipo dalaivala wotopa amaiwala kuti ali pa gawo liti. Kuyambira mu Okutobala 2014 pali makamera oyeza liwiro la galimoto pa mtunda wautali, ndipo malole akuluakulu amaloledwa kuthamanga mamailosi 50 pa ola m'magawo a msewu umodzi aja, choncho mudzapezeka muli pamzere kumbuyo kwa lole kwa nthawi ndithu. Khalani pamzerepo. Kupitirira lole pamsewu wonyowa, wokumanizana, ndi kagalimoto konyamula anthu atatu ndi zikwama, n'chinthu chimene sindingakulangizeni ngakhale pang'ono, makamaka podziwa kuti patsogolo pang'ono msewu udzatambasukanso. M'dera la Drumochter muli zipata zimene zimatsekedwa chipale chikachuluka, ndipo agwape amadumpha msewu madzulo ndi m'mamawa.

Tsopano ganizirani za dzuwa. Ku Inverness m'masiku a Khirisimasi limatuluka cha m'ma 9 koloko m'mawa ndipo likamakwana hafu pasiti 3 masana lalowa, kutanthauza kuti kuwala kwa tsiku lonse ndi maola asanu ndi limodzi ndi theka basi. Ulendo wanu muukonze motsatira maola amenewa. Pemphani tchuthi msanga kuti munyamuke m'mawa wa pa 21 kapena pa 22, muyende mpaka ku Carlisle kapena kupitirira pang'ono, mugone kumeneko. M'mawa mwake mukanyamuka kukuyera mudzafika ku Perth dzuwa lisanafike paliwombo, mudzathira petulo ndi kudya, ndipo Drumochter mudzaidutsa masana msewu utathiridwa mchere ndiponso magalimoto ena atadutsapo kale. Petulo ndikunenetsa kuti muthire ku Perth chifukwa kumpoto kwake kulibe malo aakulu opumira ngati a pa M6. Nthawi zambiri pamafunika kupatuka kulowa m'matauni monga Pitlochry kapena Aviemore. Chipinda chogona mulipire chimene mungathe kusintha tsiku popanda kutaya ndalama, ndipo tsiku limodzi lapadera limene mwasiya Khirisimasi isanafike ndi limene lidzakupatseni mtima wodikira nyengo ikaipa.

Za nyengoyo, a Met Office, bungwe loona za nyengo ku UK, amapereka machenjezo a mitundu itatu, achikasu, a amber (a mtundu wa olenji) ndi ofiira, ndipo a Traffic Scotland amaonetsa pa intaneti zithunzi za makamera a m'misewu, kuphatikizapo a pa A9, kotero mukhoza kuona ndi maso anu mmene msewu ulili musananyamuke. Kwa munthu amene sanayendetsepo galimoto pa chipale chofewa, maganizo anga ndi akuti chenjezo la amber likhale lokwanira kuimitsa ulendo, ndipo lachikasu la chipale kapena madzi oundana likuchititseni kudikira mpaka dzuwa litakwera. Pa 28 Febuluwale 2018, pamene m'chigawo chapakati cha Scotland munaperekedwa chenjezo lofiira, magalimoto mazanamazana anatsekeredwa pa M80 ndipo anthu anachezera usiku wonse m'magalimoto mwawo. Umenewo ndi msewu waukulu wa pafupi ndi Glasgow, umene inu mudzadutsa. Mukafika ku Perth n'kupeza kuti kumtunda kwaipa, mungathe kugona pomwepo, kapena kusiya galimoto n'kukwera sitima ya ScotRail ngati ikuyenda, ngakhale kuti njanjiyo nayonso imadutsa pa Drumochter ndipo pa tsiku la Khirisimasi sitima siziyenda.

Galimoto muipititse kwa makaniko kutatsala milungu iwiri, osati dzulo lake la ulendo, kuti chopezeka cholakwika chikonzedwe mosathamanga. Matayala ndiwo oyamba. Lamulo limafuna kuti mizere ya tayala ikhale yakuya mamilimita 1.6, koma m'nyengo yozizira n'kwanzeru kukhala ndi mamilimita 3 kapena kuposerapo. Kwa inu nkhani ya matayala ili ndi mbali ina yowawa: tayala limodzi lakutha likhoza kukupatsani mapointi 3 a chilango pa chiphaso chanu, ndipo lamulo la madalaivala atsopano la 1995 limati munthu akafikitsa mapointi 6 m'zaka ziwiri zoyamba chikhozereni mayeso, chiphaso chake chimalandidwa ndipo amayambiranso mayeso onse. Matayala awiri akutha akhoza kukubwezani poyambira. Ngati thumba likulola, matayala a nyengo zonse okhala ndi chizindikiro cha phiri ndi chipale amagwira msewu bwino kuposa matayala wamba, amene amayamba kuuma kuzizira kukafika pansi pa madigiri 7. Batire liyezedwe, chifukwa batire lofooka limene limalizabe injini ku Leicester likhoza kukana m'mawa wozizira wa ku Highlands, dera la mapiri la kumpoto kwa Scotland. Aonenso madzi oziziritsa injini ngati ali ndi antifreeze wokwanira, mawaipala, mabuleki ndi magetsi onse. Madzi otsukira galasi akhale a m'nyengo yozizira, osasungunula kwambiri, ndipo munyamule botolo lina, popeza mchere umene magalimoto akutsogolo amakuwazirani umatha madziwo mofulumira modabwitsa, ndipo galasi la mchere likakumana ndi dzuwa lotsika la m'Disembala simuona kanthu. Mukhalenso ndi mgwirizano ndi kampani yothandiza galimoto ikafa panjira, monga AA, RAC kapena Green Flag, ndipo muonetsetse kuti mwalipira gawo loti akhoza kukukokerani mpaka kumene mukupita, osati kugalaja yapafupi yokha.

Zonyamula n'zosavuta: chopalira ayezi pagalasi ndi mankhwala ake opopera, tochi, fosholo yaing'ono, bulangete la munthu aliyense, majekete ochindikala, zipewa, magolovesi, nsapato zotseka, tiyi wa m'fulasiki, madzi akumwa, chakudya chosaonongeka msanga, chaja ya foni ndi power bank yodzaza. Zovala zofundazo zikhale mkati mwa galimoto pamene dzanja lingafike, osati pansi pa masutikesi m'buti.

Kayendetsedwe ndiye kakufunika kuti ndikhalepo pang'ono. Ife amene tinakulira kumudzi timadziwa msewu wa matope wa m'dzinja, umene umaonekera patali kuti apa n'poterera. Madzi oundana pa tara saoneka, msewu umangooneka ngati wanyowa. Zizindikiro zake ndi ziwiri: phokoso la matayala limazimiririka, ndipo chiwongolero chimapepuka m'manja. Amakonda kukhala pa milatho, m'malo a mthunzi ndi m'makona a m'zigwa. Highway Code, buku la malamulo a pamsewu, imanena kuti pamsewu wonyowa mtunda woimira umawirikiza kawiri, ndipo pa ayezi kapena chipale ukhoza kuwirikiza kakhumi, choncho mpata wa pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo ndiwo chitetezo chanu chachikulu. Chilichonse muchite mofatsa. Ponyamuka pa chipale yesani giya yachiwiri n'kumasula klachi pang'onopang'ono, poyenda gwiritsani giya yokwererapo koma liwiro lotsika, ndipo liwirolo muchepetse musanalowe m'kona kapena musanayambe kutsetsereka, osati muli kale mkati. Galimoto ikayamba kuterereka chotsani phazi pa moto, musaponde buleki mwadzidzidzi, ndipo ngati kumbuyo kwa galimoto kukuthawira kumanja, wongolerani kumanja komweko modekha. Pangozi yeniyeni, galimoto ya mabuleki a ABS, amene salola matayala kumangika, imafuna kuti muponde buleki mwamphamvu n'kugwirizira, ngakhale ikunjenjemera kuphazi. Cruise control, chipangizo chosunga liwiro la galimoto pachokha, muisiye msewu ukakhala woterera. Magetsi a chifunga ayatsidwe pokhapokha pamene simukuona kupitirira mamita 100, ndipo muwazimitse kukayera. Musananyamuke m'mawa palani magalasi onse, magetsi ndi nambala, ndipo chotsani chipale cha padenga; madzi otentha musathire pagalasi chifukwa likhoza kung'aluka.

Mukatsekeredwa m'chipale, khalani m'galimoto, valani zonse zofunda, ndipo injini muziiliza kwa mphindi zochepa pa ola lililonse mutaona kuti paipi ya utsi sinatsekedwe ndi chipale, chifukwa utsiwo ukabwerera mkati umapha mwakachetechete. Galimoto ikafa pa motorway nkhani ndi yosiyana: pitani kumanzere, yatsani mahazadi, tulukirani zitseko zakumanzere ndipo mukaime kuseri kwa chitsulo chotchinga msewu. Magawo ena a M6 alibe mpata woima m'mbali koma malo apadera opakidwa utoto wa olenji. Mukalephera kufika pa malo otere n'kuima pakati pa magalimoto, musamasule lamba ndipo imbani 999 nthawi yomweyo.

Anzanu awiriwo ndi thandizo komanso ndi chiyeso. Mukambirane musananyamuke kuti wokhala kutsogolo sagona, ndiye wogwira foni ndi mapu, popeza dalaivala wopezeka atagwira foni amalipira £200 ndi kulandira mapointi 6, zomwe kwa inu ndi kutha kwa chiphaso. Mupume mphindi zosachepera 15 pa maola awiri aliwonse monga Highway Code imalangizira, ngakhale anzanuwo akunena kuti tipitirire. Ngati mmodzi wa iwo ali ndi chiphaso ndipo mukufuna kuti muzilandirana, agule inshuwalansi ya masiku ochepa ya galimoto yanuyo. Kumupatsa makiyi popanda zimenezo ndi mlandu kwa iye ndi kwa inu mwini galimoto. Werenganinso mapepala a black box yanu, chifukwa makampani ena amachotsera mamalikisi a kayendetsedwe kapena kulipiritsa munthu woyenda pakati pa usiku, ndipo ena amaika malire a mamailosi a pa chaka amene ulendo wopita ndi kubwerera ku Inverness ukhoza kuwadya kwambiri.

Ulendo wobwerera muukonze ndi chidwi chofanana, popeza anthu ambiri amakonzekera zopita zokha. Galimoto imene yakhala panja masiku angapo m'chisanu muilize ndi kuiyendetsako tsiku loti mawa mukunyamuka, muonenso mpweya wa m'matayala ndi madzi a galasi. Ngati mudzakhale komweko mpaka Hogmanay, chikondwerero chawo cha Chaka Chatsopano, dziwani kuti kuyambira mu Disembala 2014 malire a mowa kwa dalaivala ku Scotland ndi mamiligalamu 50 pa mamililita 100 a magazi, pamene ku England ndi 80, ndipo mowa womwa usiku umapezekabe m'magazi m'mawa mwake. Choncho tsiku lotsatira phwando lisakhale tsiku la ulendo, ndipo abwana anu akuntchito muwauziretu kuti tsiku lobwerera likhoza kusuntha ngati zipata za pa Drumochter zatsekedwa.