Funsani Amisiri: Multimeter ikuti 5V, koma LCD ili zii

Funso: Ndalumikiza Arduino Uno (kabolodi kamakompyuta kakang'ono) ndi LCD ya I2C (njira yotumizira uthenga pa mawaya awiri, SDA ndi SCL). Ikuwala, koma sikulemba kanthu. Multimeter ikuonetsa pafupifupi 5V pa SDA ndi pa SCL. Oscilloscope thumba silikulola. Pali chida chotchipa choonera zomwe zikuyenda m'mawayamo?
Wowerenga, Zomba

Yankho: Achimwene, multimeter yanuyo sikunama, kungoti imachedwa. Mawaya awiriwo akakhala chete amakhala pa 5V, ndipo uthenga umadutsa pa 100 kHz multimeter isanaphethire n'komwe.

Pa vuto ili oscilloscope musaivutikire. Funani logic analyzer ya USB (chida choonetsa pa kompyuta ma 0 ndi 1 odutsa m'mawaya), ija ya 8 channel ndi 24 MHz, kabokosi kongati ka machesi. Imayenda ndi pulogalamu yaulere ya PulseView. Pa Windows yambani mwaika driver ya WinUSB ndi pulogalamu ya Zadig. Mukadumpha pamenepa PulseView siikaona kabokosiko, mungoyesa kuti anakugulitsani kakufa.

Lumikizani GND (waya wa 0V) ya kabokosiko ku GND ya Arduino poyamba, apo ayi muona zamaloto zokhazokha. Kenako CH1 ya kabokosiko pa pini A4 ya Arduino (SDA), CH2 pa A5 (SCL). Dziwani kuti PulseView imawerenga kuyambira pa ziro, ndiye CH1 imaoneka ngati D0. Ikani liwiro pa 2 MHz, ma sample 10 M, omwe ndi masekondi asanu. Dinani Run, nthawi yomweyo dinani reset pa Arduino, kenako sankhani decoder (yomasulira uthenga) ya I2C.

Tsopano yang'anani chomwe chikutsatira adiresi. Mukaona adiresi 27 kenako N, LCD sinavomere. Kawirikawiri n'chifukwa chakuti kuseri kwake kuli chip ya PCF8574A, yomwe imayankha pa 0x3F, osati 0x27 yomwe munalemba mu code, kapena mwasinthanitsa SDA ndi SCL. Mukaona A, uthenga ukufika bwinobwino, ndiye vuto likhoza kukhala contrast (kuoneka kwa zilembo). Tengani sikuludilaiva yaing'ono, potozani pang'onopang'ono kapotentiometer kabuluu ka kuseriko mpaka zilembo zitatuluka.

Kabokosi ka logic analyzer kamangodziwa 0 ndi 1 basi, ndipo musakapatse zoposa 5V. Mukafuna kuona maonekedwe enieni a siginolo, monga m'amplifaya kapena PWM (siginolo yoyaka ndi kuzima mwachangu) ya 490 Hz, oscilloscope yotchipa ya DSO138 ikukwanirani. Ili ndi channel imodzi, imafuna 9V, ndipo imathera pa 200 kHz, choncho SPI (njira ina yotumizira uthenga) yothamanga siingayione. Zida zonse ziwirizi zisayandikire 230V ya pa soketi, chifukwa GND ya logic analyzer imapita molunjika mu laputopu yanu.