Kwa amene akufuna kujambula bandi pa laputopu

Achimwene a ku Chinamwali, mwafunsa kuti mugule audio interface (kabokosi kolumikizira mamaikolofoni ndi zida zoimbira ku kompyuta) yanji yonyamulika yojambulira bandi yanu ya anthu asanu pa laputopu. Yambani mwawerenga mamaikolofoni amene azigwira ntchito nthawi imodzi. Focusrite Scarlett 2i2 imene ambiri amathamangira ndi yabwino ndithu, koma ili ndi malo awiri okha olumikizira. Woimba ndi gitala, basi yadzaza. Nanga ng'oma? Drum kit payokha imafuna mamaiki atatu kapena anayi kuti imveke bwino.

Ngati mumaimba nonse pamodzi, Behringer UMC1820 kapena Scarlett 18i20 zimalandira mamaiki asanu ndi atatu. Vuto lake n'lakuti zimadalira magetsi a pakhoma, ndiye akathima nyimbo ili pakati, zonse zaima ngakhale laputopu ili ndi moto.

N'chifukwa chake ine ndingakusankhireni Zoom H6. Imayendera mabatire anayi a AA, ili ndi malo anayi a XLR (mabowo olumikizira mamaiki) kuphatikiza maiki ake omwe amakhala kumutu kwake, imajambulira pa SD card, komanso mukailumikiza pa USB imakhala interface. Kaya ku tchalitchi ku Matawale, kaya kumtunda ku Zomba Plateau, yalowa m'chikwama basi. Bass ndi keyboard zilowetseni ndi chingwe, sizifuna maiki.

Maiki a mtundu wa condenser amafuna 48V phantom power (magetsi ochokera mu interface kudzera m'chingwe cha maiki), ndipo zida zonse ndatchulazi zili nayo. Pa Windows ikani ASIO driver (pulogalamu yoyendetsera interface) ya kampani yake, apo ayi mawu azichedwa kufika m'mahedifoni mpaka woimba kusokonekera. Mukapeza yakale ku Limbe, yesani bowo lililonse musanapereke ndalama.