Za masewera a hatchi, lupanga ndi mfuti amene mwafunsa aja

Achemwali a ku Mufakose, mwati mnyamata wanu wa zaka 12 wapeza kanema pa YouTube wa anthu akukwera hatchi, kenako omwewonso akubayana ndi malupanga, kusambira, kuthamanga uku akuwombera mfuti, ndiye wakakamira kuti nayenso akufuna zomwezo, ndipo mukufunsa ngati ndi masewera enieni kapena za asilikali chabe, nanga mwana wa kuno ku Harare angafikeko. Ndaona ena mu gulu muno ayankha kale kuti ndi za azungu olemera muiwale. Ine ndikuti ayi, tisamufooketse mwana msanga chonchi, chifukwa amene ali ndi golide ya amuna ya pa Olympics ya 2024 ndi wa mu Africa momwe muno.

Dzina lake ndi modern pentathlon, masewera asanu munthu mmodzi. Analowa mu Olympics mu 1912 ku Stockholm ndipo amene anawakankhira anali Pierre de Coubertin, yemwe uja anayambitsanso ma Olympics amakonowa. Zoti ndi za asilikali simunaphonye kwenikweni, maganizo ake anali a msilikali yemwe watumidwa ndi uthenga ali mkati mwa adani, akwere hatchi iliyonse yomwe waipeza, adziteteze ndi lupanga ndi mfuti, awoloke mtsinje posambira kenako amalize ulendo wapansi akuthamanga. Zaka zoyambazo opikisana anali ma ofisala a nkhondo, a ku Sweden anatenga golide kasanu motsatizana kuyambira 1912 mpaka 1932, ndipo George Patton amene anadzakhala mkulu wa nkhondo wa America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anathera pa nambala 5 mu 1912 muja. Pano sizifunikanso kuti ukhale msilikali, azimayinso analowa kuyambira ku Sydney mu 2000.

Kanema amene mwana waonayo ngati kumbuyo kukuoneka chinyumba chachifumu ndi Versailles, Paris 2024. Anapambana ndi Ahmed Elgendy wa ku Egypt ndi mapointi 1555, rekodi ya dziko lonse pa nthawiyo, wachiwiri Taishu Sato wa ku Japan, wachitatu Giorgio Malan wa ku Italy. Elgendy ndi munthu woyamba wa mu Africa kutenga golide pa masewera amenewa ndipo inali golide yokhayo yomwe Egypt inabwerera nayo kuchoka ku Paris. Sanangogwa kumwambanso ayi, ku Tokyo mu 2021 anali atatenga kale siliva pambuyo pa Joe Choong wa ku Britain.

Mmene zimayendera zake, amayamba ndi za malupanga, fencing. Ku Paris anali amuna 36 ndipo aliyense amayenera kukumana ndi anzake onse 35, wina akachoka wina, ndewu iliyonse siipyola mphindi imodzi ndipo amene wayamba kukhudza mnzake ndi nsonga ya lupanga basi wawina, magetsi amayaka pompo. Mphindi ikatha palibe wakhudza mnzake onse awiri amawerengedwa kuti aluza, ndiye palibe zobisala. Kusambira ku Paris kunali mamita 200 ndipo akatswiriwa amamaliza cha m'ma mphindi 2. Koma pomwe ine ndimaimirira pampando ndi kumapeto, laser run. Mapointi onse omwe munthu watolera amawasandutsa masekondi, pointi imodzi sekondi imodzi, ndiye wotsogola amanyamuka yekha enawo nkumamasulidwa mmodzimmodzi malinga ndi mmene atsalira, kutanthauza kuti amene wayamba kudutsa mzere ndi amene watenga golide, palibe zodikira ma jaji awerengetsere. Ku Paris amathamanga mamita 3000 koma amaima kanayi kuwombera, chandamale chili pa mamita 10, uyenera kuchilasa kasanu usananyamuke, ukamangophonya umaima pomwepo mpaka masekondi 50 akwane anzako akukudutsa ukuwaona. Muzayang'anitsitse kanemayo pamenepo, munthu wafika ali wefuwefu chifuwa chikukwera nkutsika, thukuta likulowa m'maso, akweze mkono umodzi wokha mfuti isagwedere, timagetsi pamwamba pa chandamale tikusintha kuchoka kofiira kupita kobiriwira kamodzikamodzi, akatsitsa mkono akwezenso. Zili ngati kulowetsa ulusi pa singano utangothamangira kombi pa Mbare Musika. Ndipo mtima pansi pa nkhani ya mfutiyo achemwali, kuyambira ku London mu 2012 ndi ya laser, mulibe chipolopolo, imangotulutsa kuwala.

Tsopano nkhani ya hatchi, apa ndi pomwe anzathu onena za olemera aja anali ndi mfundo, koma zinthu zasintha. Lamulo linali loti sumabwera ndi hatchi yako, mumachita maere, yomwe yakugwera umapatsidwa mphindi 20 zokha kuti muzolowerane kenako mukadumphe mipanda limodzi. Munthu wakonzekera zaka 4 zathunthu nkupatsidwa nyama yomwe tsiku limenelo yangokana basi. Ku Tokyo zinachitikira Annika Schleu wa ku Germany, anali akutsogola ku azimayi, hatchi yake Saint Boy inakana kudumpha iye akulira ali pamsana, kochi wake Kim Raisner anaimenya ndi chibakera makamera akuona ndipo anamuchotsa pa masewerawo. Dziko lonse linakwiya, bungwe loyendetsa masewerawa la UIPM linagamula zochotsa hatchi, moti Paris inali yomaliza. Ku Los Angeles mu 2028 m'malo mwake kuzakhala obstacle, kanjira kafupi komwe umadumpha, kulendewera pa zitsulo ndi manja, kukwera khoma, zija ana amaonera pa TV za ma ninja. Akatswiri ambiri akale anadandaula kuti mwambo waphedwa, ine ndimawamvetsa chifukwa hatchi ndi yomwe imapangitsa masewerawa kukhala osiyana ndi ena onse, komabe ndikaganiza za mwana wa ku Mufakose, Mabvuku kapena Dzivarasekwa ndikuona kuti anachita bwino. Hatchi kuno timangoziona ku Borrowdale pa mjaho, kholo logulitsa tomato silingalipire maphunziro okwera hatchi sabata ndi sabata, pomwe kulendewera pa chitsulo ana athu amachita kale tsiku lililonse pa mapolo a bwalo la mpira.

Sindikunamizani kuti tsopano ndi zaulere. Lupanga, chigoba cha kumaso ndi zovala za fencing ndi zodula ndipo ophunzitsa ake ndi osowa, mfuti ya laser nayo siyotchipa. Egypt inafika pomwe ili chifukwa ku Cairo kuli makalabu omwe ana amayambira ali aang'ono ndipo mipikisano ya World Cup imachitikira komweko kawirikawiri, mng'ono wake wa Elgendy, Mohamed, nayenso amasewera zomwezi. Koma chomwe ndikufuna mumve ndi ichi, pa zisanuzo chomwe sichidikira ndi kusambira. Kuwombera munthu atha kuphunzira atakula, lupanga atha kuyamba ali ku sekondale, koma kusambira kwa mpikisano ukachedwa nako kumavuta kwambiri kuwapeza anzako, ndipo akatswiri ambiri a pentathlon anayamba ngati osambira, Joe Choong yemweyo anayambira m'madzi. Zaka 12 sanachedwe koma musadikirenso chaka china. Ife a kwathu timakonda kuopseza ana ndi madzi, kuti kuli ng'ona, uzamira, pomwe agogo athu ena anachokera ku Nkhotakota ndi ku Mangochi komwe mwana amasambira m'nyanja asanayambe sukulu, zimandiwawa kuona zidzukulu zawo kuno zikuopa dziwe lofika m'chiuno.

Ndiponso Harare si malo achilendo pa zosambira. Kirsty Coventry anabadwira mu mzinda uno, ali ndi mamendulo 7 a Olympics kuphatikizapo golide ya mamita 200 chagada ku Athens mu 2004 ndi ku Beijing mu 2008, ndipo kuyambira mu June 2025 ndi iye pulezidenti wa IOC, bungwe loyendetsa ma Olympics, mzimayi woyamba komanso woyamba wa mu Africa pa mpando umenewo. Pa zothamanga nazo munaona Tapiwanashe Makarawu ndi Makanakaishe Charamba onse awiri mu fainolo ya mamita 200 ku Paris. Kwathu ku Malawi mendulo ya Olympics sitinaigwirepo chiyambire, ndiye ine mwana wa magazi athu akati akufuna kuyesa chinthu sindingamuuze kuti si za ife.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi aphunzitsi a masewero ku sukulu kwake, muwafunse komwe ana amaphunzira kusambira ndi kalabu iti yomwe ili pafupi, maiwe a khonsolo ngati Les Brown mu tauni muzayambe mwafufuza ngati ali otsegula musanawononge ya kombi. Alowenso timu ya cross country ya pa sukulu, imeneyo sifuna ndalama, nsapato zokha. Palinso timipikisano ting'onoting'ono ta UIPM yomweyo topangidwira oyamba kumene, biathle ndi kuthamanga, kusambira nkuthamanganso, laser run payokha ndi kuthamanga ndi kuwombera basi, ku South Africa ana a sukulu amachita zimenezi kwambiri, ndiye mukalembera a Zimbabwe Olympic Committee muzafunse za ziwirizi mwa maina ake, osangoti pentathlon. Chinanso mumufunse mwanayo kuti chomwe chamukoka kwenikweni mu kanemamo ndi chani, chifukwa ngati ndi hatchiyo ndi bwino adziwiretu lero kuti mu 2028 siizakhalako, zokwera hatchi ndi masewera ena apadera. Ngati ndi kuthamanga kowombera kuja kapena malupanga, muyambeni ndi madzi mwezi uno kukadali kotentha, ndipo ngati mu gulu muno muli kholo lomwe mwana wake amasambira kale ku kalabu tiuzeni masiku ake ndi mtengo wake kuti achemwaliwa adziwe poyambira.