Matayala a all-season pa galimoto yamagetsi: yankho kwa mayi a ku Katoto

Sabata yatha ndinalandira kalata kuchokera kwa mayi ena a ku Katoto, kuno ku Mzuzu. Anagula galimoto yamagetsi ya Nissan Leaf yogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Japan, ndipo chaka chisanathe matayala akutsogolo atha mano. Funso lawo ndi ili: "Ndawerenga pa intaneti kuti matayala a all-season ndiwo abwino pa galimoto yamagetsi. Kodi ndiwafunefune amenewa, ngakhale akhale okwera mtengo? Ndimayenda m'tauni muno tsiku lililonse, ndipo kawiri pa mwezi ndimatsikira ku Nkhata Bay kukaona amayi anga."

Mayi, zikomo pondilembera musanatulutse ndalama. Yankho langa ndi lakuti matayala a all-season ndi abwino ndithu, mukawapeza a saizi ndi mphamvu yoyenera mutha kugula. Koma musaonjezere ndalama chifukwa cha dzinalo. Dzinali linapangidwira anthu a nyengo ina, osati yathu.

Ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kumazizira mpaka kugwa chipale chofewa. Kukazizira pansi pa madigiri 7, labala wa tayala wamba amayamba kuuma ndipo sagwira bwino msewu, motero anthu ambiri amakhala ndi matayala a mitundu iwiri, ena a chilimwe ena a m'nyengo yozizira. Tayala la all-season linabwera kuti munthu asavutike ndi kusinthasintha. Limayesetsa mbali zonse ziwiri, koma silipambana kulikonse. Mukaona zilembo M+S m'mbali mwa tayala, kapena kachithunzi ka phiri la nsonga zitatu, zonsezo zikunena za matope ndi chipale chofewa. Ife kuno ku Mzuzu timadandaula kuzizira kwa June ndi July, timavala majuzi awiriawiri m'mawa, koma msewu wathu suundana. Mdani wathu ndi madzi. Mvula ya kuno mukuidziwa, imayamba mu December n'kumapitirira mpaka April kapena May, kwinaku kwauma kale, ndiye pamabweranso ija yamawawa ndi nkhungu ya ku Chikangawa. Tayala lomwe limatchedwa la chilimwe, dzina lake lisakusokonezeni, linapangidwira msewu wouma ndi wonyowa womwe, ndipo kawirikawiri limaima msanga pa mvula kuposa la all-season.

Tsopano pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna mukachione lero lomwe, musanagone. Magalimoto ena ochokera ku Japan amafika atavala matayala a m'nyengo yozizira. Mudzawazindikira ndi mawu akuti studless, kapena maina ngati Blizzak, iceGUARD ndi Winter Maxx, komanso timizere tambirimbiri tokhotakhota pa dzino lililonse. Mwezi wapitawu ndinagwada pambali pa galimoto ya mnzanga ku Luwinga, n'kudina chala pa tayala lake. Labala wake anali wofewa ngati chofufutira cha mwana wasukulu. Mwini wake ankanyadira kuti mano ndi akuya. Koma labala wofewa chotero pa phula lotentha la October amatha ngati sopo, ndipo mukaponda mabuleki galimoto imatenga mtunda wautali isanaime. Ngati anu ali otere, ndiye kuti chimodzi mwa zifukwa zothera msanga tachipeza.

Zifukwa zina zili m'galimoto momwemo. Batire ndi lolemera. Leaf imalemera makilogalamu pafupifupi 1,500, kuposa magalimoto ambiri a petulo a msinkhu wake. Chachiwiri, mota yamagetsi imapereka mphamvu yake nthawi yomweyo mukangoponda, palibe kudikira magiya. Ndi chimene chimasangalatsa poyendetsa, komanso ndi chimene chimapala matayala. Pa Leaf magudumu akutsogolo ndiwo amakoka, ndiwo amakhota, ndiwonso amagwira galimoto mukachotsa phazi kuti mota ibweze magetsi m'batire. Ntchito zitatu pa matayala awiri. N'chifukwa chake akutsogolo atha pomwe akumbuyo akuoneka ngati atsopano.

Ndiye pogula muyang'ane chiyani? Tsegulani chitseko cha dalaivala, pa chipilala pali kapepala komatidwa kolemba saizi ndi mpweya woyenera. Ma Leaf ambiri amavala 205/55R16, ena 215/50R17. Pambuyo pa saiziyo pamabwera nambala ndi chilembo, mwachitsanzo 91V. Nambala imeneyi ndiyo ndikufuna muisunge pamtima, chifukwa ikunena katundu amene tayala limodzi lingasenze. 91 ndi makilogalamu 615, pomwe 94 ndi makilogalamu 670. Musatsike pansi pa nambala yolembedwa pa kapepala kaja, ngakhale wogulitsa akuuzeni kuti saizi ndi yomweyo. Kukwera pamwamba palibe vuto. Tayala lolembedwa XL ndi lolimbitsidwa kuti lisenze katundu wochulukirapo, ndipo pa misewu yathu ya maenje, ngati ija yolowera ku Mchengautuba kapena ku Zolozolo nthawi ya dzinja, ine ndingasankhe limenelo.

Kenako funsani za kugwira pa msewu wonyowa. Matayala ambiri atsopano amabwera ndi chizindikiro cha ku Ulaya chomatidwa pa mano, chokhala ndi zilembo kuyambira A, chopambana zonse, mpaka E. Mbali imodzi ikunena za kusunga mafuta kapena magetsi, ina, ya kamtambo ka mvula, ikunena za kuima pa msewu wonyowa. Apa mpamene anthu a magalimoto amagetsi amakokanakokana. Tayala lopepuka kugubuduza limakupatsani makilomita oonjezera pa kutchaja kumodzi, ndipo ndikumvetsa kuti pomwe magetsi amathimathima kilomita iliyonse ndi yamtengo. Ulendo wa ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 50, potsika batire silimva kanthu, koma pobwerera chitunda chonse chija kuchokera kunyanja chimalidya kwambiri. Komabe Mayi, ganizirani makona a msewu umenewo mvula ikugwa, kutsogolo kuli njinga ya kabaza yasenza nthochi. Ine ndikadakhala inu ndikanasankha A kapena B pa mvula, ngakhale mbali ya magetsi ikhale C. Makilomita ochepa otayika mudzawabweza potchaja.

Za matayala olembedwa kuti ndi a EV, kutanthauza a magalimoto amagetsi, alipo ndipo ndi abwino. Ena ali ndi siponji yomatidwa m'kati yochepetsa phokoso, poti galimoto yopanda injini imakumvetsani kulira konse kwa msewu. Koma si lamulo kuti muvale amenewo. Ndipo dziwani kuti likabooka ndi msomali, womata chigamba ayenera kuyamba wadula siponjiyo pamalopo, ntchito imene si aliyense wa m'mbali mwa msewu anaiphunzira.

Ndikudziwa kuti matayala a kaunjika amakopa chifukwa cha mtengo. Pa galimoto yolemera chonchi mtima wanga sumavomera, koma ngati thumba lakana, onani zaka. M'mbali mwa tayala muli mawu akuti DOT, ndipo manambala anayi omaliza ndi sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23, chaka cha 2019. Opanga ambiri amati tayala likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale mano alipo, ndipo likadutsa zaka 5 lizionedwa chaka chilichonse. Yendetsani dzanja m'mbali monse kufufuza chotupa kapena ming'alu. M'mizere ya mano muli timizati ta labala tokwera mamilimita 1.6. Mano akafanana ndi timeneti tayala latha, koma pa mvula ya kuno ine ndimachotsa akafika mamilimita 3, chifukwa mizere yosaya siitha kutaya madzi ndipo galimoto imayamba kuyandama.

Mukagula awiri okha, atsopanowo apite kumbuyo, akumbuyo aja abwere kutsogolo. Ambiri amachita mosemphanitsa. Galimoto ikaterera kutsogolo dalaivala amamva pa chiwongolero n'kuchepetsa liwiro, koma ikaterera kumbuyo imazungulira asanadziwe chachitika.

Zotsalazi ndi za chisamaliro. Leaf imafuna mpweya wa 36 psi, koma tsimikizani pa kapepala ka pachitseko, ndipo yezani m'mawa matayala asanatenthe, kamodzi pa mwezi. Popeza inu simuimanso pomwetsera mafuta, n'kosavuta kuiwala, ndiye gulani kageji kanu musunge m'galimoto. Sinthanitsani akutsogolo ndi akumbuyo pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 alionse, ndipo mukagwera m'dzenje lalikulu kapimitseni alayimenti. Ponyamuka pa raundabauti ya pa Katoto pondani pang'onopang'ono, kapena yendani pa Eco, imene imachepetsa mphamvu ya mota ponyamuka.

Chomaliza, kwezani kapeti wa m'buti muone. Ma Leaf ambiri amabwera opanda sipeya, amangokhala ndi kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu. Mankhwalawo amathandiza pa msomali, koma tayala likang'ambika m'mbali sathandiza chilichonse. Pa ulendo wopita kwa amayi anu, gulani limu yokwanira bwino, muvekepo limodzi mwa matayala omwe akadali abwinoko, ndipo muonetsetse kuti jeke ndi sipanala zilimo.